Mlingo wa Munthu Wamkulu

Kompyuta inalira kawiri, malemba ofiira n'kutuluka: "Imani. Mlingo uwu ndi wa munthu wamkulu."

Mayi wogonetsa odwala anauma thupi, jakisoni ali m'manja. Patebulo la opaleshoni panagona kamtsikana ka zaka zisanu, kofunditsidwa nsalu yobiriwira.

Mayiyo anayang'ananso kabotolo komwe anapopamo mankhwalawo. Kanali kofanana ndendende ndi ka ana, chivindikiro chomwe, koma mphamvu yake inali yochuluka kakhumi. Zaka makumi awiri pantchitoyi, maso ake anali asanamunamizepo chonchi.

"Kwagwanji uko?" anafunsa dokotala wa opaleshoni, osadzutsa mutu.

"Palibe, adokotala. Pitirizani."

Anataya jakisoniyo, napopa wina, n'kumuonetsa ku kompyuta ija. Itavomera, analowetsa mankhwalawo mudilipi. Anamwino ankanong'onezana za ukwati wa mnzawo, ndipo palibe anaona kanthu.

Masana, mwanayo atatsitsimuka, mayi ake anapeza wogonetsa odwala uja pakhonde n'kumugwira manja onse awiri.

"Achemwali, manja anuwa ndi odala. Mwanditu ndi yekhayu."

"Kamuoneni, akukufunani," anangoyankha choncho.

Analowa m'kachipinda kosinthira zovala n'kutseka chitseko. Anatulutsa foni, nayenda m'mayina onse mpaka kumapeto, koma sanapeze woti angamuuze. Anakhala pabenchi, foniyo n'kuiika pambali.

Wina anagogoda.

"Amayi, wodwala wina tamukonza kale."

"Ndikubwera," anatero.