Njoka pa Chokolopera

"Njoka!" anakuwa namwino, kapu ya tiyi n'kumupulumuka. Pocheuka, anapeza madokotala atatu amene anali nawo m'chipindamo onse atakwera patebulo.

"A opaleshoni, inu simuopa magazi. Tsikani!"

"Ine ndimang'amba zogona, mayi. Iyi ili maso."

Dokotala wa maso anavula magalasi. "Ine sindikuiona bwinobwino."

"Tiyambe taifunsa chimene chikuisautsa mumtima," anatero wa matenda a maganizo.

Namwinoyo anangopukusa mutu n'kutenga chokolopera. Njokayo itadzikulunga kumtengo wake, anatuluka nayo ataitukula m'mwamba.

Pakhonde, bambo wina wodwala anavula chipewa. "Apatseni njira! Dokotala wamkulu ndi ameneyu. Enawa njoka yawo ya chizindikiro cha udokotala, yokulunga ndodo ija, ndi yojambula pabaji, koma awa akuyenda ndi yeniyeni."