Dzino Laulula za Nthutumba

Chikhazikitsireni lamulo loti mano oikirira kuchipatala azilengeza okha zomwe atafuna tsikulo, Nangozo analeka kufunsa amuna ake, a Chimtengo, komwe aswera. Ankangowayalira mphasa, n'kudikira kuti mano ayankhule.

Lachiwiri bamboyo anafika akusisita mimba. "Kumaliro kunalibe chakudya chenicheni, mayi. Nyemba zokhazokha."

Pomwepo dzino lakumanzere linalira ngati foni, n'kunena mwaulemu: "Lero mwatafuna nthutumba ya nkhuku. Musaiwale kutsuka m'kamwa."

A Chimtengo anatseka pakamwa ndi chipewa, koma mochedwa. Nangozo anavundikiranso ndiwo zomwe anawapakulira.

"Ikanakhala ntchafu ndikanakhululuka, bambo, mlendo aliyense amapatsidwa. Koma nthutumba amadya ndi mwini nyumba. Nyamukani, mukagone kunyumba kwanuko."