Mwezi wa Batani

Mayi woyesa mayeso anali atatsala ndi matebulo awiri kuti afike pa tebulo lawo, ndipo telala anali atapukuta kale manja pa buluku kachisanu.

Holo yonse inkanunkha guluu ndi penti. Pa tebulo lililonse panali munthu wamkulu ndi mwana, ndi kanthu kosonyeza za kumwamba: apa roketi ya botolo, apo mitambo ya thonje, uko utawaleza wa kagalasi koviika m'beseni. Lamulo linali pa bolodi, lolembedwa ndi choko chofiira. Ntchito ikhale ya manja a mwini wake. Wopezeka kuti wina anamupangira, dzina lake lifufutidwa, abwereza chaka chonse.

Kubwereza ndiye kunalibe. Mkazi wa telala anali atanena m'mawa, chikwama chili kale paphewa: "Chaka chino zikakanika, nkhani ya sukuluyi ithere pomwepo. Tatopa nayo." Mkazi ameneyo sankanena chinthu kawiri.

Telala anayang'ananso zomwe zinali pa tebulo. Dzuwa linali mpira wa nsalu yachikasu, wotupa ndi thonje. Mapulaneti asanu ndi atatu ankalendewera pa waya, lililonse losokedwa ndi tizigamba ta m'shopu mwake. Lija lamphete linavekedwa chibangili. Mwezi unali batani loyera la diresi laukwati. Ukayatsa tochi n'kukankha batanilo pang'ono, mthunzi unkagwera pa dziko, kadamsana n'kuoneka masanasana. Misoko yake inali ing'onoing'ono, yolingana ngati mano a chipeso, moti aliyense akanalumbira kuti ndi dzanja la telala.

Zoona zake iye ankazidziwa. Mwana wake ankazidziwanso, ndipo vuto linagona pamenepo.

Mtsikanayo anali wa zaka zisanu ndi zinayi. Kunyumba ankamutchula Kabatani, poti anakulira pansi pa makina osokera, akutola mabatani ndi kutsanzira chilichonse. Pakamwa pake panalibe buleki. Mlendo akafunsa ngati bambo alipo, iye ankaloza kuseri kwa chitseko kumene abisala.

"Paja tinagwirizana chiyani?" telala ananong'ona.

"Kuti ndikhale chete."

"Akakufunsa?"

"Ndimwetulire basi."

"Ndiye manjawo m'thumba."

Kabatani analowetsa manja m'thumba la sikete, pamodzi ndi chala chomwe chinali ndi pulasitala.

Pa tebulo loyandikana nalo, mayi woyesa uja ananyamula roketi, kuitembenuza, n'kuchotsa kapepala ka mtengo wa m'sitolo komwe kanaiwalika kunsi kwake. Sanakweze mawu. Anangotsegula cholembera chofiira n'kukoka mzere umodzi. Bambo wa pamenepo anagwira kumutu, mwana n'kuyamba kulira. Telala anali ndi mantha, mantha enieni, oposa a tsiku lomwe anadula molakwika nsalu ya mkwatibwi.

Kenako nsapato za mayi uja zinaima patsogolo pawo.

Mayiyo anatsitsa magalasi pamphuno. Anagwira dziko ndi zala ziwiri, kulizunguza, kuyang'ana msoko. Anayatsa tochi, kuzimitsa. Sankafulumira, ngati wogula amene waona kale pong'ambika.

"Masana mumagwira ntchito yanji, bambo?"

"Ndine telala, mayi."

"Zikuoneka."

Anakhudza pulaneti lofiira ndi nsonga ya cholembera. "Ili lakhala lachinayi chifukwa chiyani?"

Funsolo analiponya m'malere, osayang'ana aliyense. Telala anayamba kukanda kumutu. Kabatani analuma mlomo, n'kumwetulira monga anagwirizana. Kumwetulira kwake kunali kwa munthu amene waponda minga pamaso pa apongozi.

Mayiyo anatembenukira kwa mtsikanayo. Kenako ananjuta mpaka maso awo analingana.

"Tulutsa manja, mwana wanga."

Manja anatuluka.

"Tsopano undiuze zoona. Izi wapanga ndani?"

Kabatani anatembenukira kwa bambo ake. Telala anamupempha ndi maso, ndi nsidze, ndi thukuta lomwe. Mtsikanayo anayang'ana dzuwa lachikasu lija, anayang'ana batani. Chifuwa chake chinakwera.

"Ndapanga ndine!" anatero, mawu akumveka mpaka kukhomo. "Ndekha! Adadi sanakhudzeko ngakhale ulusi, anali otanganidwa ndi madiresi. Onani pomwe singano inandibaya. Lofiiralo ndi lachinayi chifukwa kuchokera ku dzuwa mumadutsa awiri oyambawa, kenako lathuli, kenako ilo. Ndikuonetseni kadamsana?"

Telala anatseka maso.

Kabatani anayatsa tochi n'kukankha batani. Mthunzi unakwawa bwinobwino pa dziko la nsalu yobiriwira. A pa matebulo ena anasendera pafupi, wina mpaka anawomba m'manja. Ndipo mayi woyesa uja, yemwe kuyambira m'mawa sanaonetse dzino, anamwetulira.

"Ndakukhulupirira, mwana wanga. M'holo muno mulibe ntchito yoposa iyi."

Anadzuka, kusasa fumbi pa bondo, n'kutsegula cholembera chofiira.

"Koma bambo, amene mukulemba mayeso a uphunzitsi ndinu. Mwanayu tinati mubwere naye kuti mumuphunzitse, osati akupangireni."

Mzere unadutsa pa dzina la telala. Kabatani anamukoka malaya, nkhope ili ngwee.

"Adadi, tapambana eti?"