Dzanja la m'Jekete

Basi ya ku Salima idaima pa Khombedza dzuwa lili paliwombo, n'kutsitsa munthu mmodzi yekha. Adavala chipewa chopendekeka ndi magalasi akuda, ndipo dzanja lamanja adalipisa m'kati mwa jekete, cha pachifuwa.

Lenard, tcheyamani wa ayufi pamsikapo, adasiya kufunsa anthu makadi a chipani. Munthu wotereyu ankamudziwa bwino. Loweruka lapitalo galimoto ya kanema idaonetsa filimu ya m'tauni mu shedi ya thonje, ndipo iye adaionera kawiri. Ku Lilongwe anali asanapondeko, koma kuyambira tsikulo ankalongosola za m'tauni ngati adabadwira komweko. Ankati kumeneko munthu akapisa dzanja m'jekete, chotuluka ndi mfuti basi, wina agwe.

Mlendoyo adalunjika kwa iye.

"Pepani achimwene, kwa a Nankhoma n'kuti?"

A Nankhoma anali mayi ake a Lenard, ndipo ankakhala okha kuseri kwa chigayo.

"Mukawatani?"

"Zimenezo n'za ine ndi iwowo."

Ngakhale kayankhidweko kanali ka mufilimu muja.

"Tulutsani dzanjalo!"

"Ayi," adatero mlendoyo ataweramitsa mutu. "Pagulu pano ayi."

Lenard sadadikire kuwomberedwa. Adatola mpini wa khasu pamulu wa wogulitsa n'kumukhoma nawo m'mutu.

"Chigawenga! Ali ndi mfuti!"

Msika wonse udaonera nawo filimu ija, ndiye panalibe wofunsa. Mantha ndi oipa, abale. Anthu oti m'mawa ankapatsana moni mwaulemu adamukhamukira ndi njerwa, zibonga, ngakhale miyala ya sikelo. Magalasi adasweka, mano adagweluka, magazi adasakanikira ndi fumbi. Iye ankatchinga nkhope ndi dzanja lamanzere lokha. Lamanjalo lidakakamira m'jekete, ndipo anthu ankati onani, akufuna mpata woti asolole. Adawonjezera kumenya.

Mlendoyo atasiya kuphupha, anthu adabwerera m'mbuyo. Apa n'kuti a Nankhoma akufika chothamanga, atamva kuti mwana wawo wagwira chigawenga. Lenard adawachingamira, thukuta lili kamukamu, akunyada.

"Amayi, amafuna inu ameneyu. Taonani chimene adakutengerani."

Adagwada, adagwira mkono uja n'kuukoka mwamphamvu. Mfuti munalibe. Mkonowo udathera pomwe payenera kuyambira chikhatho, pali chipsera chakalekale.

A Nankhoma adakhala pansi m'fumbimo n'kupukuta magazi pankhopeyo ndi chitenje chawo. Adaiyang'ana nthawi yaitali.

"Adandilembera kuti makina a kumgodi adawadula dzanja, akuchita manyazi kuonekera kwa anthu," adatero motsitsa mawu. "Zaka makumi awiri ndakhala ndikuwapempha kuti abwere. Lenard, awa ndi atate ako."