Bakha ndi Mafoni a Kutsidya

"Kwaa! Mafoni otchipa, mabwana, kwaa!" Matako uku, matako uko, chidali patsogolo: ameneyo ndi Bakha. Padangotero, anzanga, vomerani kuti tili tonse!

Wopanga mafoni anali Kangaude, ndipo iye ankawatsitsira mtengo achule a kutsidya kwa mtsinje, poti anali amphawi. Bakha atazitulukira, ankasambira kukawagula kwa achulewo n'kudzagulitsa kuno kuseri kwa chulu. Nyama zonse zinakhamukira kwa iye, ngakhale mafoniwo ankalira chichule: ng'ooo! ng'ooo!

Tsiku lina foni ya Bakha mwiniwake inangoti zii, manambala a achule onse ali momwemo. Wodziwa kukonza anali Kangaude yekha. Bakha anampeza akumanga katundu, miyendo yonse ili kalikiliki.

"Achimwene, ndikonzereni, ndinagula pompano!"

"Ndatseka ine. Ogula anatha, kwatsala odzanditukwana kuti mafoni anga akulira chichule. Zidazi ndimasulira yekhayo amene andiuze wondiphera malonda."

Bakha anayang'ana kumwamba, anatsokomola, anabisa mapazi ake odzaza matope a kutsidya. Kangaude anayamba kumanga mfundo yomaliza.

"Musamange, achimwene! Wokupherani malondayo ndine."