Theka la Galamu

Woyeza miyala wa pa mgodi wina wa golide anali munthu wouma mtima, ndipo onse omudziwa ankagwirizana kuti kukhala naye pachibale kunalibe phindu lililonse. Masheya a kampani yaing'onoyo atakwera mtengo kanayi, madalaivala, alonda ndi ophika omwe anathamangira kukagula. Iye ankangokhala duu pafupi ndi ng'anjo yake, osayamikira, osaseka. Anthu ankati ndi kaduka ka nkhalamba imene mwayi unaidutsa ili m'tulo.

Chimene chinakweza mtengo chinali chikalata cha eni mgodi, chonena kuti m'tani iliyonse ya miyala muli magalamu khumi ndi awiri a golide. Koma miyala ya chikalatacho anachita kuitola ndi manja pamalo onyezimira okha. Tsopano, makina operera asanagulidwe, panafunika kuyeza miyala yochokera m'njira yonse ya pansi, yonyezimira ndi yosanyezimira yomwe.

Lachinayi masana, mlamu wake, mwini golosale amene anagulitsa lole yake kuti agule masheya, analowa m'chipinda choyezeramo osaodira. Anapeza nkhalambayo itapera kale mwala ndi kuusungunula pamodzi ndi mtovu. Mtovuwo utalowerera m'kachikho, munatsala kanjere ka golide kosaposa mchenga. Inakatola ndi kopanira, nikaika pa sikelo ya m'galasi, nilemba: theka la galamu pa tani. Aka kanali kachisanu ndi chitatu kuyeza, ndipo yankho silinasinthe. Golide wochepa chotero sakanalipira ngakhale magetsi omuperera.

Mlamuyo anayamba ndi nthabwala, nati sikeloyo yakalamba ngati mwini wake, ndipo palibe angadzudzule dzanja lonjenjemera likalemba nambala yonenepako. Nthabwala zitakanika, anachonderera. Anatchula ana ake a sukulu. Anatchula mlongo wake, amene wapirira zaka makumi atatu m'nyumba ya mwamuna woyeza ngakhale mchere wa m'khitchini. Potsiriza anapempha kuti chikalata chatsopanocho chichedwe sabata imodzi yokha.

Nkhalambayo inasaina pansi pa tsamba, nimuuza kuti chikalatacho chikhala chitafika ku ofesi pokwana 3 koloko masana omwewo.

"Alamu, n'chapafupi kutentha nyumba ya mnzanu pamene inu mulibemo ngakhale supuni," anatero wagolosaleyo.

 Anatulutsa foni, naimbira wogulitsa masheya pomwepo, mawu ali pamtunda kuti nkhalambayo imve mmene amuna anzeru amadzipulumutsira. Analamula kuti masheya ake onse agulitsidwe msanga kwa aliyense wotambasula dzanja. Wogulitsayo anavomera, kenaka anafunsa ngati agulitsenso a alamu awo oyeza miyala, amene anaikamo penshoni yawo yonse mwezi wathawu, kuposa wantchito wina aliyense pa mgodipo.

 Wagolosaleyo anaipatsira nkhalambayo foni ndi manja awiri.

"Nthawi ikadalipo, alamu. Nenani liwu limodzi lokha, ukalamba wanu upulumuke."

Nkhalambayo inapinda chikalatacho, nichilowetsa mu envulopu.

"Muuzeni awasiye. Wogulayo sanawerenge zimene ndalembazi."