Mpeni wa Munthu Wamanzere

Chitsulo chinali chitangoyamba kufiira pamakala pamene Stephano anatulutsa foni m'thumba.

"Aphunzitsi, tasiyani mvukutowo muone zimene zachitika pa Madisi m'mawa uno."

Loweruka lililonse amuna atatuwa ankakumana m'chisakasa cha Festus ku Dzoole. Festus anali mphunzitsi wopuma ntchito, Stephano ankapha mbuzi pa Mponela, pamene Gideoni anali mlimi wa fodya. Mipeni sankagulitsa ayi. Ankangoikonda basi, monga ena amakondera bawo. Akatola sipuling'i ya galimoto yakufa, tsiku lonse linkathera poisula pachidutswa cha njanji, kwinaku akukangana ngati mpeni wotentha umalimba bwino m'madzi kapena mu oyilo wakuda. Akazi awo anasiya kalekale kuwafunsa phindu lake.

Pafoniyo panali chithunzi cha mpeni uli pafumbi, magazi mpaka kuchogwirira. Uthenga wake unali waufupi: munthu wabayidwa pamsika, wobayayo wathawa. Maina panalibe.

Anthu ena akanagwira pakamwa. Koma awa anali anthu a mipeni.

"Zachisoni ndithu," anatero Gideoni, "koma taonani ntchito yake. Chogwirira cha nyanga ya ng'ombe, timisomali tamkuwa. Uwu si wa m'sitolo."

Stephano anakulitsa chithunzicho ndi zala. "Ndipo ananola mbali imodzi yokha. Mwini wake ndi wamanzere ameneyu. Ine nditaugwira ungamandithawe panyama."

Festus anauzindikira pomwepo. Mpeniwo sanachite kuuyang'ana kawiri. Anausula yekha, anzakewa kulibe, n'kuupereka kwa mwana wake Yoswa tsiku limene ankatsegula chiwaya cha nyama pa Madisi. Yoswa anabadwa wamanzere. Ali wamng'ono Festus anayesa kuwongola dzanjalo ndi kamtengo, zinakanika. Anabadwanso ndi mtima wapachala, ndipo uwo ndiye unakanikiratu. Chaka chatha anagulula mnzake dzino polimbirana malo pamsika, moti Festus, mkulu wa mpingo wathunthu, anachita kukagwada kwa eni ake a munthu kukapepesa.

"Kasulidwe kake kakufanana ndi kanu, aphunzitsi," anatero Gideoni.

"Ine nyanga sindigwira," anayankha Festus. "Imanunkha."

Bodzalo linatuluka mosavuta moti mwini wake anachita nalo mantha.

Foni ya Festus inalira pabenchi. Nambala inali yachilendo. Festus sanakayike kuti ndi apolisi. Kuseri kwa mpeniwo, mbali imene sinaoneke pachithunzi, kunali kanyenyezi kamene ankadinda pa mpeni wake uliwonse, ndipo pa Madisi sipakanasowa wokazindikira. Anaisiya foniyo kuti ilire mpaka itope. Itangotopa inayambiranso.

"Simuyankha kodi?" anafunsa Stephano.

"Ndi akuba aja amati mwawina mphoto," anatero Festus, n'kuizimitsa.

Ankadziwa chimene akanafunsidwa: mnyamatayo wathawira kuti? Ndipo yankho anali nalo. Yoswa zikamuthina ankathawira kwa amalume ake kumapiri a Ntchisi, kumene galimoto imafika movutikira. Festus anaona kuti akangomva mawu a wapolisi, lilime limupereka. Bola kukhala chete, mwana atalikire.

Anaganizako za wobayidwayo. Nayenso anali mwana wa munthu. Koma wako ndi wako. Anapemphera chamumtima kuti munthuyo asafe, osati pomumvera chisoni, koma kuti mlandu wa Yoswa uchepe. Manyazi anamugwira, komabe pempherolo sanalibweze.

Anzake atayang'ana kumbali, anatenga kachitsulo kodindira nyenyezi kaja n'kukakwirira pansi pa makala. Kenako anapopa mvukuto ngati wolipidwa.

Macheza anapitirira. Stephano anaotcha chimanga pamoto womwewo. Anakangana za tupa, ngati wa masiku ano amaluma chitsulo monga wakale. Anaseka mlamu wake wa Gideoni amene ananolera mpeni pakhonde la simenti mpaka unatsala ngati singano. Festus ankaseka nawo mochedwa. Nyundo inkaphonya, ndipo chitsulo chimene ankasula chinapindika ngati nthochi.

Cha kumasana Gideoni anaimirira n'kusasa fumbi pathalauza.

"Ndingothamangira pa Madisi pompa, ndikamve bwino nkhaniyi. Mpeni umene uja wandisowetsa mtendere."

Festus anamugwira mkono. "Khalani pansi, achimwene. Za eni ake zimenezo, mungakasanduke mboni. Mpeni wanu uja tiumalize lero."

Gideoni anakhala. Festus mtima unakhala pansi poona kuti wamugulira mwana wake nthawi ina.

Dzuwa litapendeka, njinga yamoto inaima kuseri kwa nyumba. Anatsika Benjamini, mnyamata wa chiwaya choyandikana ndi cha Yoswa. Malaya ake anali ndi magazi ouma pachifuwa. Anavula chipewa n'kunjuta pakhomo pa chisakasa, maso pansi.

Festus anataya nyundo, n'kumukokera pambali kuti anzake asamve.

"Usalankhule mokweza," ananong'ona. "Ungondiuza chimodzi. Wafika ku Ntchisi?"

Benjamini anadzutsa mutu, akuoneka kuti sanamve bwino.

"Ku Ntchisi kukatani, bambo? Woledzera wina anatola mpeni pachiwaya n'kumubaya Yoswa. Ndinamunyamula ndine kupita naye kuchipatala, ndipo ndakuimbirani mpaka foni yanu inazima. Amangoti, 'Ndiitanireni bambo anga.' Watisiya masana ano."